Ng'ombe ya Mapazi a Kalondola

Sabata yatha pakhomo panga panafika amayi awiri ndi dengu, akuti akusonkhetsa chimanga cha thobwa la pachiliza cha a Kalondola. Chaka chakwana chimwalirireni mkuluyo, ndipo ana ake akufuna kumanga manda a simenti, olembapo mawu okoma a m'Baibulo. Ndinawayalira mphasa, ndinawapatsa madzi akumwa, koma chimanga ndinakana. Ndinawauza kuti pakhomo pano tinasonkha kale, mwiniwake adakali moyo, ndipo tinasonkha zoposa chimanga. Mmodzi anandikumbutsa kuti wakufa sazengedwa mlandu. Ine ndinamukumbutsa kuti mlandu suola. Ananyamula dengu lawo nkumapita, ndipo ndikudziwa kuti asanafike pamjigo dzina langa linali litatha kale. Zilibe kanthu. Pasimentipo adzalemba zawo, ine ndalemba zanga pano.

Dzina lawo lobatizidwa nalo linali Fanuelo Mbewe, koma kuchokera kwathu kuno kufupi ndi Kachebere mpaka kwa Mlonyeni palibe ankalidziwa. Onse ankangoti a Kalondola, chifukwa ntchito yawo inali yolondola mapazi a ng'ombe zobedwa. Anali munthu wamfupi, wa khosi lonenepa, wosavula jekete ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo. M'manja simunkasowa ndodo ya nsungwi yokhomedwa msomali kunsonga, yolozera pansi. Poyenda ankawerama ngati munthu wataya singano. Sankayang'ana munthu kumaso. Ukawapatsa moni, ankayankha akuyang'ana mapazi ako, ndipo ankatha kukuuza kuti dzulo unadutsa kudimba kwa uje, unaima pansi pa mango, kenaka unabwerera. Ena zimenezi zinkawasangalatsa. Ine kuyambira ndili mtsikana zinkandinyansa, ndipo ndikawaona akubwera ndinkapatuka n'kuyenda pa udzu.

Kuti mumvetse ukatswiri wawo muyenera kudziwa mmene anamangira pakhomo pawo. Nyumba yawo inali kumapeto kwenikweni kwa mudzi, m'Malawi. Kuseri kwake kuli chipilala cha simenti cha malire, ndipo khola lawo linali patsogolo pang'ono pa chipilalacho, m'Zambia. Mwana atha kuponya mwala kuchokera pakhonde n'kukagwera m'kholamo. Alangizi a ziweto a kuno akabwera kuti aone ng'ombe, ankawauza mwaulemu kuti ng'ombezo ndi za ku Zambia, zilibe nawo ntchito. Akabwera a ku Zambia, ng'ombe zomwezo zinkasanduka za ku Malawi, zangobwera kudzadya msipu. Foni yawo inali ndi manambala a mayiko onse awiri. Akazi nawonso anali awiri, wamkulu kuno, wamng'ono m'kati mwa Zambia, ulendo wofunika kulawirira. Ankakonda kunena kuti malire anajambula azungu amene analibe ng'ombe, ndiponso kuti sanaonepo ng'ombe ikufunsidwa pasipoti. Anthu ankaseka nthabwala imeneyi chaka ndi chaka ngati ayimva koyamba.

Ntchito yawo inkayenda motere. Kukacha munthu n'kupeza khola lake lili pululu, ankakuwa, amuna n'kusonkhana ndi zibonga ndi nkhwangwa. Palibe ankasuntha a Kalondola asanafike. Iwo ankabwera mosafulumira, atamwa kale tiyi, n'kuzungulira kholalo, kutosa ndowe ndi msomali uja, kenaka n'kuyamba ulendo, gulu lonse lili pambuyo pawo ngati anapiye. Mapazi aja nthawi zonse ankalowera kumadzulo. Akafika pamalire ankaimika ndodo n'kuuza anthu kuti abwerere, poti gulu la zibonga likalowa m'dziko la eni ndiye kuti ndi nkhondo. Iwo okha ndi amene ankadziwa kulankhula ndi anzathu a uko. Pakapita masiku angapo ankatulukira akukusa ng'ombe, jekete lili fumbi lokhalokha. Koma sizinkabwera zonse. Zikabedwa ziwiri, inkabwera imodzi. Zikabedwa zinayi, zinkabwera zitatu. Yosowayo mwina ankati akubawo aipha kale, mwina ankangonena poyera kuti imeneyo ndi ya mapazi, kutanthauza malipiro a kuyenda kwawo. Ndipo mwini ng'ombe ankagwada, akazi n'kululutira, madzulo ake n'kupititsanso nkhuku yothokoza.

Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti mbava za kwathu zinali zachifundo kwambiri. Sizinkaba kwa munthu wa ng'ombe imodzi. Ndakula ndisanamvepo mayi wamasiye wa kang'ombe kamodzi akulira kuti kabedwa. Zinkasankha khola loti muli zogawana. Ndinanenapo zimenezi tsiku lina tikusenda chinangwa, ndipo mayi anga ananditsina pantchafu mpaka kusiya chipsera.

Musaganize kuti anthu a kwathu ndi opusa. Ankadziwa, kapena ndinene kuti ankasamala kuti asadziwe. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mkulu wina wa kwa Dambe atabedwa ng'ombe zake ananyoza a Kalondola n'kupita kupolisi kuboma. Apolisi anabwera ndithu, anafika pachipilala paja, anayang'ana kumadzulo, n'kunena kuti mphamvu zawo zathera pomwepo. Mkuluyo sanaonenso ngakhale mchira. Nkhani imeneyi a Kalondola ankaikamba pamaliro paliponse, akupukusa mutu momumvera chisoni. Pomwe boma linati mudzi uliwonse ukhale ndi komiti yachitetezo, anthu anasankha iwo omwewo kukhala apampando. Kutchalitchi ankakhala benchi la kutsogolo, ndipo pa Khirisimasi ankapha ng'ombe n'kugawa nyama khomo ndi khomo. Tonse tinadya. Nanenso ndinadya, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti ndinkatafuna ng'ombe ya yani.

Anakanganapo ndi mphunzitsi wina wochokera kumpoto, amene anafunsa pamsonkhano chifukwa chimene mapazi a ng'ombe sankalowera kum'mawa ngakhale kamodzi. A Kalondola sanakwiye. Sankakwiya pagulu. Anangoyang'ana nsapato za mphunzitsiyo n'kunena kuti ndi zokongola, ndipo aziona kangapo kuseri kwa nyumba zina amuna ake atapita kumunda. Linali bodza, koma teremu isanathe mphunzitsiyo anapempha kuti amusamutse. Umu ndi mmene ankamenyera nkhondo zawo. Chibakera chawo chinali pansi, pafumbi, pamene wina aliyense sankatha kuwatsutsa.

Tsopano ndinene za alamu anga a Yohane, amuna a mkulu wanga Estere, chifukwa ndi iwo andichititsa kukana chimanga chija. A Yohane ndi a kwa Dambe, anabwera kwathu kudzakhala chikamwini. Kuno analibe mbale, analibe malume wowayankhulira. Bambo anga anali ndi ng'ombe ziwiri za ngolo, Bantomu ndi Kaliwo, ndipo amene anaziphunzitsa goli kuyambira zili zazing'ono ndi a Yohane. Sankagwira chikwapu. Ankangoimba kaluzu kawo, ng'ombe n'kukhota, kuima kapena kubwerera m'mbuyo. Bantomu inali yakuda, ya banga loyera pachipumi, nyanga yakumanzere yothyoka kunsonga. Bambo ankanyadira mkamwini wawoyo moti ankamutchula kuti mwana wanga.

Chaka china nthawi yokolola, chimanga chili mbwee kumunda kudikira ngolo, ng'ombe zonse ziwiri zinabedwa. Zinayenda monga mwa masiku onse. A Kalondola anatsogolera gulu mpaka pachipilala, anapitirira okha, ndipo patapita masiku anabwera ndi Kaliwo. Bantomu akuti anaipeza itaphedwa kale ndi ogulitsa nyama, anangoona chikopa. Bambo anagwada. Akazi analulutira. A Yohane okha sanaombe m'manja. Anazungulira Kaliwo, anaisisita pamimba, anayang'ana ndowe imene inali itangogwetsa kumene, kenaka analankhula anthu onse akumva.

"Agogo, pepani. Ng'ombe iyi sinayende m'thengo. Yagona m'khola la munthu, ndipo yakhala ikudya madeya."

Bambo anawadzudzula kuti akhale chete, asatichititse manyazi. A Kalondola anaseka pang'ono, maso ali pa mapazi a a Yohane, n'kunena kuti akale anati mkamwini asamakule mwendo. Anthu anaseka nawo mopepukidwa mtima, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinaona mmene anayang'anira mapaziwo.

Mwezi usanathe kunabedwa ng'ombe kwa a Zulu, banja la amuna ambiri ndi aukali. Tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba chibadwire changa, mapazi sanalowere kumadzulo. A Kalondola anatsogolera gulu kutsikira kudambo, anazungulira madimba, anakwera ndi kanjira ka kuchigayo, mpaka anadzaima kuseri kwa nyumba ya Estere. Pamenepo analoza ndi msomali wawo phazi la nsapato ya tayala. Theka la amuna a m'mudzi muno amavala nsapato za matayala, ena mwa iwo anali ataima pomwepo atazivala. Wina anafunsa kuti phazilo ndi la yani.

"Ine sinditchula dzina la munthu," anatero a Kalondola. "Ine ndimangowerenga zolembedwa pansi."

A Yohane anali pabwalo akukonza gudumu la ngolo, dzuwa lili pamutu. Sanathawe, chifukwa sankadziwa kuti pali choti athawe. Ndinali pamtondo ndi Estere, ndipo zonse tinaziona. Sindifotokoza zambiri. Anagwiritsa ntchito mipini ya makasu, ndipo ambiri analimbikira mwendo wakumanja. Anali anthu amene a Yohane anawatutira chimanga, anthu amene anawanyamulira odwala pangolo kupita nawo kuchipatala. Estere anadziponya pamwamba pa amuna ake, iwo n'kumukokera kumbali ngati thumba. Ndipo ataona kuti zakwana, amene anakweza ndodo n'kuletsa anthu kuti asaphe munthu anali a Kalondola omwewo. Anabwereketsa ngolo yawo kuti itengere wovulalayo kumsewu. Ichi ndi chimene sindidzawakhululukira kuposa zonse. Anathyola munthu ndi manja a anthu ena, kenaka n'kutamandidwa kuti apulumutsa moyo wake.

Ng'ombe za a Zulu zinabwera patapita masiku, kupatula imodzi, monga mwa chizolowezi. A Kalondola anafotokoza kuti anzake a Yohane a ku Zambia achita mantha n'kuzimasula. Anawonjezera, ngati munthu wowawidwa mtima ponena, kuti tsopano zadziwika amene anatsegula khola la apongozi ake n'kugulitsa Bantomu. Palibe anamangidwa chifukwa cha kumenyako. Apolisi atafunsa, aliyense anati anafika zitachitika kale, ndipo wapampando wa chitetezo anachitira umboni kuti kunali chipwirikiti, sanaone bwino nkhope. Munthu wodziwa phazi la aliyense m'mudzi sanazindikire nkhope ngakhale imodzi.

A Yohane anatuluka m'chipatala mwendo utauma, wosapindika, wongokoka. Koma mwendo sunawapweteke ngati mmene anawapwetekera bambo anga. Bambo anakhulupirira. Munthu amene ankamutcha mwana wawo anasanduka uja wa kwa Dambe. A Yohane akabwera kudzapereka moni, bambo ankatembenuzira mpando kukhoma. Anauza Estere kuti amuthamangitse, Estere anakana, ndipo anakhala pakati pa bambo ndi mwamuna wake mpaka tsitsi linachita imvi asanakalambe. Ana awo kusukulu ankatchedwa ana a mbava. A Yohane akanatha kubwerera kwawo, koma ankati akachoka ndiye kuti avomera. Anaphunzira kusoka nsapato, n'kumakhala pakhonde kuyang'anizana ndi khola lopanda kanthu, poti Kaliwo bambo anaigulitsa. Bambo anamwalira asanawalankhulenso. Pa tsiku lomaliza a Yohane anadzikoka mpaka pakhomo la chipinda, bambo n'kutseka maso dala. Ndinalipo, ndinaona, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

A Kalondola anakhalabe zaka zingapo akudya bwino, akukalamba mwaulemu. Imfa inawapeza kwa mkazi wamng'ono, m'kati mwa Zambia. Apa ndi pamene mapanga awiri anawavumbwitsa. A uko anafuna kuika maliro konko, a kuno anati munthu amagona pamene pagona mayi ake. Anakangana mpaka mtembo unayamba kuvuta, kenaka a uko anagonja. Kudutsa ndi maliro pachipata cha boma kumafuna zikalata, choncho anagwirizana zodzera njira ya kutchire, yomwe mwiniwakeyo ankadzera moyo wake wonse. Ana a kwa mkazi wamng'ono, pofuna kuonetsa a kuno kuti bambo awo anali munthu wolemera, anasankha ng'ombe zazikulu pa zonse za m'khola la kumeneko n'kuzimanga pangolo. Anyamatawo anakulira uko. Sankadziwa kuti m'kholamo munali ng'ombe zimene bambo awo sankalola kuti zipondenso dothi la Malawi, ndipo mkuluyo anafa asanawauze.

Njira ya kumanda imadutsa kutsogolo kwa nyumba ya Estere. Ine ndinali komweko, poti tonse a pakhomo pathu tinakana kupita kumaliro. Tinamva nyimbo zikuyandikira, amayi a kwaya patsogolo, ngolo ya bokosi pakati, khamu la anthu pambuyo. A Yohane anali pakhonde ndi nsapato ya munthu m'manja, osadzutsa mutu. Ngolo itafika pamphambano ya kanjira kathu, ng'ombe ya kumanzere inakhota. Woyendetsa anaikwapula, iyo inalimbikira, n'kukoka inzake, ngolo, bokosi ndi nkhata zamaluwa zonse kulowa nazo pabwalo pathu. Inadutsa pamtondo, inadutsa pankhokwe, n'kukaima pachipata cha khola lakale la bambo, pamene inkaima madzulo aliwonse kudikira kuti aimasule. Inali yokalamba, nthiti zikuoneka, koma banga loyera pachipumi linali lomwelo, ndi nyanga yothyoka kunsonga.

Nyimbo inafa yokha, mmodzimmodzi. Palibe wamkulu wa m'mudzi muno amene sankaidziwa Bantomu, ng'ombe imene tonse tinauzidwa kuti inadyedwa kalekale, itagulitsidwa ndi mkamwini. Ndinayang'ana amuna a kwa a Zulu. Onse anali atazyolika, akuyang'ana pansi ngati nawonso aphunzira kulondola.

A Yohane anaika nsapato ija pansi, anatenga ndodo yawo, n'kuyamba kudzikoka kudutsa pabwalo. Anthu anapatuka. Ataiyandikira anaimba kaluzu kaja, ndipo ng'ombe inatembenuza mutu n'kuwanunkhiza pachifuwa. Anayamba kumasula chingwe cha pagoli, mosafulumira. Mwana wamkulu wa a Kalondola wa ku Zambia analumpha kutsika pangolo.

"Imwe mdala, muchita chani? Ni ng'ombe ya atate iyo!"

"Afunseni atate anuwo," anatero a Yohane, akuloza bokosi ndi chibwano. "Ali pomwepa."

Mnyamatayo anayang'ana kwa akuluakulu kuti amuthandize. Palibe anadzutsa mutu. A Yohane anatsegula chipata, Bantomu inalowa yokha, iwo n'kutseka. Kenaka anatembenuka n'kuyang'ana khamu lonse kumaso, mmodzimmodzi, ndi ngolo yopendekeka ili ndi ng'ombe imodzi pagoli.

"Imodzi yatsala ndi inu, thokozani," anatero. "Iyi ndi ya mapazi."

Ngolo siyenda ndi ng'ombe imodzi. Adzukulu anatsitsa bokosi, ndipo poti kumanda n'kotalikirapo ndithu, anafunika amuna olandizana. Ndinaona mapewa amene anakweza mipini ya makasu pabwalo lomwelo akusenza mbuye wawo kutuluka naye pakhomo pathu. Kwaya inayambanso nyimbo itafika kale kuseri kwa nsungwi. Ndinamva kuti kumandako mlaliki ananenabe zimene anakonzekera, zoti mudzi wataya diso lake.

Mwina mukuganiza kuti mawa lake anthu anabwera kudzapepesa. Sanabwere. A Zulu aakulu masiku ano akadutsa amavula chipewa n'kunena kuti mwaswera bwanji alamu, basi. Nsapato zobwera kudzasoketsa zachuluka, zina zosang'ambika n'komwe, ndipo kumeneko ndiye kupepesa kwa anthu a kwathu. Ana a ku Zambia sanabwerenso kudzafunsa ng'ombe. Bantomu sikokanso ngolo, imangodya ndi kugona, ndipo a Yohane akana kuigulitsa. Tsiku lotsatira maliro aja ndinawaona akuikusa pang'onopang'ono kupita nayo kumanda a bambo. Anakhala kumeneko nthawi yaitali. Sindinawafunse zimene anakanena, ndipo bambo sangatembenuzenso mpando kuti awayang'ane.

Ng'ombe zikubedwabe, ndisaname. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano sizibwerera ngakhale imodzi, ndipo ndamva ndi makutu anga anthu akudandaula pamjigo kuti akanakhalapo a Kalondola sizikanatere. Ndi anthu omwewo akusonkha chimanga cha thobwa. Amasowa fisi chifukwa ankawabwezera mafupa.

Dzulo ndinadutsa kumapeto kwa mudzi popita kukatema nsungwi. Mkazi wamkulu wa a Kalondola anapita kwa ana ake kuboma, nyumba ndi yokhoma, ndipo chiswe chayamba chitseko. Mpando wawo wachikopa udakali pakhonde, wina anaba chikopacho n'kusiya mitengo yokha. Kuseri, kupitirira chipilala, mitengo ya khola anthu anazula n'kusonkhera moto. Pamene panali ndowe za ng'ombe za anthu onse aja pamera bonongwe wobiriwira, wamasamba aakulu, ndipo amayi a mbali zonse ziwiri amadzathyola. Ine sindithyola. Kanjira kolowera kumadzulo katsekeka ndi udzu. Pobwerera ndinadzera njira ya kumjigo, ndipo pafumbi panali chizindikiro chimene ndimachiona m'mawa uliwonse: phazi limodzi, pambali pake mzere wautali wa mwendo wokokedwa, ndi mapazi a ng'ombe yokalamba akutsatira pambuyo. Zimenezi sizifuna katswiri wa ndodo ya msomali. Aliyense wa m'mudzi muno amatha kuziwerenga, ndipo onse amadutsa akuyang'ana kumwamba.